Miyala ya Harasym

Pa ngodya ya munda, pomwe msewu umakhotera ku Wakaw,
pali mulu wa miyala wotalika kuposa ine.
Palibe dzina pamenepo.
Koma ndikamafuna agogo anga, sindipita kumanda.

Harasym Kozoriz wa ku Bukovyna
anatsika sitima mu 1902 ndi nsabwe m'chikhoti cha chikopa cha nkhosa,
ana awiri, Domka ali ndi pakati,
ndi mphero yamanja imene mkaziyo anakana kuisiya padoko.
Kalaliki anamvetsera dzinalo kawiri, n'kupukusa mutu,
n'kulemba kuti Harry.
Agogo sankadziwa kuwerenga. Anathokoza.

Madola khumi, maekala 160.
Bambo awo anafa akulima kachigunda ka eni ake,
ndiye akuti tsiku loyambalo anayenda malire onse
akuwerenga mapazi,
kuopa kuti mwina wina wawanamiza.

Dziko lopanda phiri loti n'kubisala kuseri kwake.
Udzu, thambo, ndi mphepo yosaodira.
Anakumba dzenje, kulifolera ndi zibuma za udzu,
n'kumalitcha kunyumba.

Chisanu chachitatu chinatenga Onufry,
uja anawoloka nyanja ali m'mimba.
Nthaka inali gwa! Fosholo inkangolira ngati belu.
Anamukulunga m'nsalu ya ukwati
n'kumugoneka m'nkhokwe kudikira Epulo.
Miyezi itatu Domka akapita kukatapa tirigu
ankayamba wapereka moni kwa mwana wake.
Izi agogo sananene n'kamodzi komwe.
Anandiuza ndi azakhali a Wasylyna atakalamba,
atayamba kuiwala kuti zina n'zosanena.

Munda uno umabala miyala.
Chaka ndi chaka chisanu chimaikankhira kumtunda,
lero watola, mawa yamera ina.
Ana asanu ndi awiri anakula atawerama,
zala zong'aluka, sukulu yoyamba mochedwa.
Tsiku lina pulawo inafukula mwala wachilendo,
wosalala, wa mzere wogobedwa m'chiuno mwake:
nyundo ya Akree, amene ankasinjira mafupa a njati pompano.
Pepala la boma linati dzikoli linali lopanda anthu.
Agogo anautembenuza m'manja nthawi yaitali.
Sanauponye pamulu.
Anauika pazenera, pafupi ndi chithunzi cha Mariya.

Kenako zaka za fumbi.
Masana kunkada, nkhuku n'kukalowa m'khola.
Domka ankapachika nsanza zonyowa m'mazenera,
komabe mchenga unkalira m'mano podya buledi.
Dzombe linadya tirigu, linadya anyezi,
linaseteka ndi thukuta lomwe pa mpini wa foloko.
Aneba anakhoma zitseko n'kupita.
Agogo anati, ndinasamuka kale kamodzi, basi.

Metro anapita kukagwira ntchito kunjanji.
Panko anapita kunkhondo ku Italy,
kunabwera kalata ndi wotchi yosayenda.
Bambo anga anagula thalakitala pangongole,
agogo sanakwerepo ngakhale tsiku limodzi,
ankangoitsatira pambuyo, ndowa m'manja,
nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu
ikukangana ndi miyala m'chinenero
chimene ine ndimangodziwa mawu ake a zakudya ndi otukwana.

Lero ndasaina mapepala ku Saskatoon.
Wogulayo ndi kampani, sindinaone nkhope.
Akuti muluwo uzisokoneza makina awo,
abwera ndi katapila chipale chikasungunuka.

Ndaima apa mpaka makutu achita dzanzi.
Ndanyamula mwala umodzi, wamba, wotuwa,
wolemera ngati mwana wa zaka ziwiri.
Mphero ya Domka ili m'galaja kwa mlongo wanga,
imatchinjiriza chitseko.
Nyundo ija ili m'thumba langa la jekete.
Makilomita ochepa kuchokera pano kuli mudzi wa eni ake.
Injini ikulira, tochi zayaka,
ndipo sindinadziwebe kuti ndikagogoda
ndikayambire pati.